Maso a Kanjiwa

Lachiwiri, 4 Malichi

Kanjiwa akupuma ngati wathamanga mtunda wautali. Mwana wa miyezi itatu, wathamangira kuti? Nthiti kulowa, kutuluka, kulowa, kutuluka. Ndikamuika kubere amayamwa pang'ono n'kusiya, thukuta kamukamu pamphumi ngati munthu wolima. Amapumula, n'kuyambiranso. Mantha anga ndi akuti tsiku lina adzasiya osayambiranso.

Ndikulemba muno chifukwa m'nyumba muno mulibe wondimvera. Kope ili ndi lija ndinkalembamo miyezo ya makatani kuntchito. Kutsogolo manambala okhaokha. Masamba akumbuyo ndi anga.

Bambo ake achoka m'mawa osamuyang'ana n'komwe. Tiyi amwa chiimire. Ndawauza kuti mwana sakupuma bwino. Akuti ndikauze bambo ake enieni.

Apongozi anafika Loweruka ndi chikwama chachikulu, ndiye kuti sachoka msanga. Akugona pabalaza. Tsiku lofika anamuvundukula mwana, kumutembenuza uku ndi uku ngati akugula nkhuku pamsika. Kenako anangoti, "Kumtundu kwathu kulibe maso awa."

Maso. Nkhani yonse ndi maso. Ang'onoang'ono, okwera m'mbali. Kamphuno kophwatalala. Tsitsi lofewa. Pamdadada wathu wa nyumba za lendi onse akumutcha Kachaina, ndi ana omwe. Ine ndimamutcha Kanjiwa chifukwa akagona amalira kukhosi kuti kuu, kuu.

Ndinagwira zaka ziwiri kushopu ya makatani, kupinda m'mphepete ndi kusita. Eni ake Madamu ndi amuna awo. Anthu amangoti kwa Achaina. Umboni wonse ndi womwewo basi. Ndinagwira kwa Achaina, mwana wabadwa ndi maso a Achaina.

Mulungu ndi mboni, sindinadziwepo mwamuna wina. Koma ndikamuyang'anitsitsa mwanayu nanenso ndimadabwa. Safanana ndi ine. Safanana ndi bambo ake. Ndiyankha chiyani?

Lachitatu, 5 Malichi

Kumpopi m'mawa. Ndinapita molawirira kuti ndisakumane ndi anthu, koma madzi anali akutuluka ngati misozi, mzere wa ndowa mpaka kuchimbudzi.

Mayi a saluni analipo. Anabwera kumsana kwanga, kukoka maso awo ndi zala, n'kumulonjera mwana kuti ching'ang'a chong'ong'o. Akuti akumupatsa moni m'chilankhulo chake. Onse kuseka. Wina akuti ameneyu akakula tidzasiya kulipira kokonzetsa mafoni. Wina akuti adzatimenya karate tonse pamdadada pano. Mayi a landilodi akuti ayambe kumangirira galu wawo, mwana akangomera mano zavuta.

Nthabwala zomwezi kale ndinkaseka nawo, osaona vuto. Lero ndowa inandilemera kawiri.

Ndi mayi a saluni omwewa anayambitsa. Anauza amuna anga kuti chaka chatha anandiona ndi maso awo m'galimoto ya shopu, mpando wakutsogolo, ndi mwamuna wachitchaina wovala kapusi, tikulowa pageti ya hotela. N'zoona ndinalowa pageti ya hotela. Tinkakakoleka makatani zipinda za pamwamba, tsiku lonse pamakwerero, khosi kuuma. Woyendetsa anali Madamu. Tsitsi lawo ndi lalifupi, amavala buluku ndi kapusi masiku onse.

Ndinawafotokozera zimenezi pamaso pa anthu. Yankho lawo: "Aaa, iwowa mwamuna ndi mkazi ungawasiyanitse?" Koma akulumbirabe kuti anali mwamuna. Sangasiyanitse, koma akudziwa. Ndiye ndiziti chiyani.

Amuna a Madamu ndi nkhalamba ya ndodo. Amakhala pampando pafupi ndi kauntala, wailesi pamwendo, kusinza. Chiwongolero anasiya kalekale chifukwa cha maso. Zaka ziwiri mawu amene anandiyankhulapo ndi akuti simbi yatentha kwambiri. Amenewo ndiwo akuti bambo a mwana wanga.

Kanjiwa wayamwa kanayi kokha, pang'onopang'ono. Thupi lake ndi lofewa ngati nsalu yonyowa. Ana a anzanga a msinkhu wake akudzutsa kale mutu. Apongozi akuti ndi mmene amakhalira ana a mtundu umenewo, alibe mafupa, n'chifukwa chake amatha kudzipinda m'mafilimu.

Sopo watsala kachidutswa. Matewera sakuuma.

Lachisanu, 7 Malichi

Kusikelo. Sanakwere ngakhale pang'ono, watsika. Anesi anayang'ana buku, kuyang'ana mwana, n'kunena kuti ndisapite, ndidikire adokotala.

Adokotala ndi mtsikana, mmwenye, wa magalasi. Ndinati ndiyankhula naye bwanji ine Chingerezi changa cha sitandade sikisi. Koma anangoti, "Khalani apa mayi, mwana wathu watani?" Chichewa chosalala kuposa cha apongozi. Anesi akuti anabadwira konkuno, ndi agogo ake omwe.

Sanathamangire maso ngati anthu ena onse. Anatambasula kadzanja, kundionetsa mzere umodzi wodutsa pachikhatho, pomwe ine ndili ndi iwiri. Anaona mpata pakati pa chala chachikulu chakuphazi ndi chinzake. Kalilime kotuluka. Kenako anaika chomvera chija pachifuwa nthawi yaitali. Ine kuwerenga matailosi.

Akuti mwana anabadwa ndi chibadwa china, dzina lake lachingerezi, Dauni chakutichakuti. Si matenda opatsirana. Si kuti ndinadya choipa kapena kulakwira munthu. Ana otere amabadwa mtundu uliwonse, akuda, azungu, amwenye, onse, ndipo amafanana okhaokha ngati a mimba imodzi. Adzachedwa kukhala, kuyenda, kuyankhula, koma adzafika. Chimene chikuwadetsa nkhawa ndi mtima. Akumva phokoso, mwina muli kabowo. N'chifukwa chake amatopa kubere. Lachinayi ndipite naye kuchipatala chachikulu akajambule mtima. Alemba m'buku la kusikelo.

Anandigwira dzanja n'kunena kawiri: milomo ikayamba kuda, kapena akakaniratu bere, osadikira Lachinayi, osadikira munthu.

Ine ndi uchitsiru wanga ndinafunsa kuti ndiye si Mchaina? Sanaseke. Anati, "Mayi, maso awa si a dziko lililonse. Ndi mwana wanu ndi amuna anu."

Ndinalira pomwepo. Kulira kwa chimwemwe. Panjira m'pamene ndinazindikira kuti ndikusangalala poti mwana wanga ali ndi bowo mumtima. Ndi mayi wanji ameneyu? Ndinakhala pansi pamthunzi wa golosale ndisanapitirize ulendo.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndinadikira kuti bambo ake adye kaye. Ndinafotokoza zonse bwinobwino, mzere wa pachikhatho, zala, mtima, Lachinayi. Anamvetsera. Koyamba chibadwire mwanayu anamvetsera mpaka kumapeto.

Apongozi anafunsa funso limodzi. Dokotalayo ndi wotani?

Ndikanangoti ndi mtsikana wa magalasi. Koma ine bodza silindibwerera msanga, ndinati ndi mmwenye.

Anawomba m'manja. Akuti mmwenye ndi Mchaina ndi poto ndi chivundikiro chake, kwawo n'kumodzi, amabwera ndege imodzi, angaululane bwanji? Akuti Madamu anamuimbira foni dokotalayo ine ndisanafike. Ndinati sadziwana n'komwe, winayo anabadwira kuno. Akuti njoka yobadwira m'nyumba ndi njoka ndithu. Akuti zojambula mtimazo ndi nzeru yoti mwana akafike m'manja mwa eni ake, amukweze ndege, ife tidzangomva kuti ali kutsidya kwa nyanja akusoka nsapato.

Bambo ake amagula zitsulo zowotcherera kwa mmwenye wa hadiweya zaka zonsezi, amapatsidwa pangongole, maliro a atate awo mmwenyeyo anapereka galimoto. Sananene zimenezo.

Masana ndikuanika zovala ndinasuzumira pawindo. Anali atagwada pamphasa, atatambasula kadzanja ka Kanjiwa, akuyerekeza ndi chikhatho chawo chakuda ndi zipsera za moto. Kanjiwa anawagwira chala. Sanachotse msanga. Amayi awo atatsokomola pabalaza ananyamuka ngati agwidwa akuba.

Chomwe agamula ndi ichi. Loweruka kubwera amalume awo ndi achimwene anga, tikhale pansi. Mpaka tsikulo mwana asapite kutali. Ndinati Lachinayi ndi Lachinayi, mtima sudikira amalume. Akuti wakhala miyezi itatu ndi mtima womwewo, masiku awiri sangamuphe.

Foni yanga atenga. Akuti aone amene ndimayankhula nawo. Muli manambala asanu ndi awiri okha, aone.

Lolemba, 10 Malichi

Ndinatumidwa sopo ndi mchere. Miyendo yokha inandipititsa njira ya kuseri kwa shopu. Sindinafikeko chiyambire mphekesera zija, ndinkachita manyazi, ngati ndine ndinawanamizira.

Makina akulira monga kale. Fungo la nsalu yatsopano ndi nthunzi ya simbi. Pamalo panga pali mtsikana wina, amapinda mokhota.

Madamu anandiona pakhomo lakumbuyo, mapini kukamwa. Anandikalipira kaye kuti bwanji osabwera kudzaonetsa mwana. Anamasula okha nsalu kumsana kwanga. Atamuona nkhope anatambasula kadzanja. Anakhala pansi pampukutu wa nsalu, iwo amene amatikalipira tikakhalira nsalu ya kasitomala.

Anatulutsa foni, kufufuza, kundipatsa. Chithunzi cha mayi wonenepa, wamfupi, wanyamula mphaka, akuseka mano onse panja. Nkhope ya Kanjiwa yeniyeni. Maso omwewo, kamphuno komweko. Koma maso a Madamu ndi ena, ndinaona lero. Zaka ziwiri ndikuwayang'ana tsiku lililonse, ndaona lero.

Ndi mng'ono wawo. Chichewa chawo ndi chodukaduka koma chimamveka. Anati, "Kwathu anthu anati, uyu si wathu, nkhope ina. Anati mayi anga anayenda ndi mlendo."

Ndinaseka. Iwonso anaseka. Kenako tonse tinasiya.

Mng'ono wawoyo nayenso anali ndi bowo mumtima. Anamuchita opaleshoni ali wamng'ono. Pano ndi mayi wamkulu, amapinda nsalu mushopu ya achimwene awo, ndipo akuti amapinda mowongoka kuposa ine.

Ndinawauza zimene anthu akunena, za hotela, za kapusi. Anagwira kapusi yawo, kuyang'ana amuna awo akusinza ndi wailesi, n'kupukusa mutu. Sanakwiye. Ankaoneka otopa basi. Akuti si Achaina n'komwe, kwawo ndi ku Viyetinamu, chilankhulo china, dziko lina, Mchaina akayankhula iwo samva kanthu. Poyamba ankauza aliyense wolowa mushopu. Pano anasiya. Munthu akati Mchaina amangoti makatani mamita angati.

Akuti Lachinayi adzanditenga pagalimoto, kuchipatala chachikulu n'kutali, mabasi awiri, mwana wotere asakhale padzuwa pasiteji. Ndinakana. Galimoto imeneyo ikadzangoima pakhomo pathu, mdadada wonse udzati taonani, abwera kudzatenga magazi awo. Banja langa lidzathera pomwepo. Anati galimoto ili pano tsiku lonse, makiyi ali m'thumba. Mlomo ukada, tuma munthu.

Anandipatsa kabulangete kosokedwa ndi zidutswa za makatani. Ndakabisa pansi pa matiresi.

Potuluka, mayi a saluni ali pakhonde lawo kutsidya kwa msewu, akuluka munthu. Manja anaima.

Lachitatu, 12 Malichi

Dzulo sindinalembe. Kunali moto.

Kani nkhani inafika kunyumba Lolemba lomwelo, ine ndisanafike. Akuti ndinakaonetsa mwana kwa bambo ake, ndinalowera khomo lakumbuyo ngati wakuba, ndinatuluka ndi katundu. Kabulangete anakapeza. Apongozi anakanunkhiza n'kukaponya padenga la bafa.

Bambo ake sanandimenye, sanandimenyepo. Anangokhala pabedi atagwira mutu. Akuti Lamulungu anali atayamba kundikhulupirira. Akuti kuntchito anzawo akumawafunsa kuti alamu anu achitchaina akupatsani liti shopu. Ndinawauza za chithunzi, za mng'ono wa Madamu, kuti si Achaina n'komwe. Akuti Viyetinamu, Chaina, Japani, zonsezo ndi maina a malo amodzi. Akuti chithunzi aliyense angathe kuchipeza pafoni, anthu amenewa pa zamakina ndi afiti.

Mawu omaliza: anthu amenewo kapena galimoto yawo akadzaponda pakhomo pano, ndilongedze.

Ndilongedze ndipite kuti? Kwa achimwene chipinda chimodzi, ana anayi.

Apongozi asamutsa mpando, akukhala pakhomo penipeni, kusankha nyemba. Buku la kusikelo lili m'chikwama chawo. Ndikapita kuchimbudzi mwana amatsala ndi iwo. Si oipa mtima pa zonse, ndinawapeza akumupukuta thukuta ndi mpango wawo, akumuimbira. Atandiona anasiya.

Kanjiwa bere akungolinyambita. Ndikufinyira mkaka m'kapu, kumumwetsa ndi supuni, kadontho kadontho. Theka limabwerera. Mabere auma ngati miyala, bulauzi yonyowa.

Mayi a makala a khomo lomaliza ndi okhawo amene sanasekepo. Andibweretsera madzi ndowa imodzi osapempha. Anayang'ana mwana n'kunena motsitsa kuti mwanawe, uyu sakuoneka bwino.

Lachinayi, 13 Malichi

Lero linali tsiku.

Ndinadzuka, kumusambitsa, kumuveka. Ndinavala nsapato. Apongozi pakhomo ndi nyemba zawo. Akuti mawa ndi mkuja si kutali. Mvula inayamba. Ndinaima ndi mwana m'manja mpaka mkono unachita dzanzi. Kenako ndinavula nsapato.

Ndatopa. Kukangana kwandithera. Mwina n'zoona, masiku awiri.

Kulira kwa njiwa kuja kwasintha. Pano akuchita ngati akubuula.

Lachisanu, 14 Malichi

M'mawa wakana ndi supuni yomwe. Sakulira. Maso atseguka koma sakunditsata.

Ndapita naye pawindo kuti ndione bwino. Milomo yada. Si mthunzi, ndapukuta, ndayang'ananso. Ndi zikhadabo zomwe.

Bambo ake ali kutali, akuwotcherera geti kunyumba ya munthu mbali ina ya tauni, foni yanga ili m'thumba mwawo. Apongozi akuti ndi kuzizidwa chabe, timupake mafuta, amalume afika mawa. Koma nyemba zatayikira pansi, sakutola. Ndawauza kuti mundipatse buku. Ndatsegula ndekha chikwama. Sanandiletse.

Mvula ikadali. Kusiteji n'kutali, mabasi awiri, sangafike.

Mayi a makala avala pulasitiki kumutu, akudikira pakhomo, akuti lemba msanga ndithamange. Madamu amawerenga zolemba zanga, anazizolowera m'kope lomweli. Ndikung'amba tsamba ili kuyambira apa.

Madamu, ndine wa simbi uja. Mlomo wada. Sakuyamwa. Bwerani ndi galimoto tsopano lino. Mukadutsa mpopi, khomo lachitatu, la buluu. Musaime kuseri, musaime patali, msewu wakuseri uli ndi matope. Imani pakhomo penipeni. Lizani hutala kuti ndimve, atuluke onse aone, anene zimene anganene. Ndavala kale nsapato. Chonde Madamu, siyani makina, bwerani